Kusaka mapanga m'miyala ya laimu yozungulira Lusaka

Mzinda wa Lusaka unamangidwa pamwamba pa mwala umene madzi amausungunula. Amene anakumbapo chimbudzi ku Kanyama, ku Misisi kapena ku Chawama amaudziwa bwino: mukangopitirira dothi la pamwamba, piki imagunda mwala wotuwa, wosongoka mitu, wokhala ndi mabowo odzaza dothi lofiira. Akatswiri a miyala amautcha Lusaka Dolomite (dolomite ndi mwala wofanana ndi laimu), ndipo pafupi nawo pali miyala ya laimu ya gulu la Cheta. Yonseyi ndi ya zaka zoposa 500 miliyoni. Madzi a mvula akamadutsa m'dothi amatenga mpweya wa carbon dioxide n'kukhala ndi asidi wochepa, ndipo asidiyo amadya mwala potsata ming'alu. Pakapita zaka zikwizikwi, mng'alu woti mpeni sungalowe umasanduka njira yoti munthu n'kukwawamo.

N'chifukwa chake pakati pa Lusaka palibe mtsinje weniweni. Madzi amalowa pansi msanga n'kukatulukira m'mphepete, kumene kumayambira Ngwerere, Chunga ndi Chalimbana. Koma musafulumire kuganiza kuti pansi pa tauni pali mapanga okudikirani. Mabowo alipo ambiri, inde, koma madzi a pansi ali pafupi kwambiri, moti m'makomboni a kumadzulo ndi kumwera amafika mpaka pabwalo mu Januwale ndi Febuluwale. Bowo limene silinadzaze madzi linadzaza dothi. Phanga louma limapezeka pamene laimu wakwera pamwamba pa madzi a pansi: pa timapiri, ndi m'mphepete mwa chitunda cha Lusaka kumene nthaka imayamba kutsikira ku Kafue ndi ku Chongwe. Onani kumene kuli mapanga odziwika kale. La Leopard's Hill lili kumwera chakum'mawa, kutali ndi tauni. La Chipongwe lili kumwera, mbali ya ku Kafue. Twin Rivers ndi kaphiri ka dolomite makilomita 24 kumwera chakumadzulo, ndipo mapanga a ku Mumbwa ali m'matanthwe otumphuka pamwamba pa dambo. Kusaka kwanu kulunjike malo otero, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi imachitika muli panja, musanalowetse mutu m'bowo lililonse.

Choyamba, mapu awiri patebulo

Musanagule tochi kapena chingwe, pezani mapu. Oyamba ndi a miyala, a ku Geological Survey Department, a sikelo ya 1:100,000. Dera la Lusaka lili pa chigawo cha nambala 1528. Achiwiri ndi a mapiri ndi mitsinje, a 1:50,000, a ku Survey Department ku Mulungushi House, pamene masentimita awiri akuimira kilomita imodzi. Tengani pensulo mukopere malire a dolomite ndi laimu kuchoka pa mapu oyamba kupita pa achiwiri. Sikelo n'zosiyana, choncho musadalire maso. Tsatani manambala a m'mphepete mwa mapu, kapena mitsinje ndi misewu yopezeka pa onse awiri.

Mukatero, londolani malirewo mosathamanga. Pamene laimu wakumana ndi mwala wosasungunuka, monga schist kapena quartzite, ndi pamene pali nkhani. Madzi otsika pa schist amafika pa laimu ali ambiri pamalo amodzi, asidi wawo asanathe mphamvu, ndiye amaboola pomwepo n'kulowa. Pa mapu muona mzere wabuluu wa mtsinje umene wangothera panjira, osathira mu mtsinje wina kapena m'dambo. Zungulizani pamenepo. Kumunsi kwa laimu, kumene madzi a pansi amagunda schist n'kusowa kopita, kumakhala akasupe. Zungulizaninso. Kenako werengani mizere ya msinkhu wa nthaka pakati pa polowera madzi ndi kasupe, mutayamba mwaona pansi pa mapu ngati akuwerenga m'mamita kapena m'mafiti. Kusiyana kukakhala mamita asanu kapena khumi, njira yonse ndi yomira, ndipo imeneyo si ntchito yanu. Kukafika mamita 30 kapena kuposa, pali mwayi woti njira zakale, zimene madzi anazisiya atapeza yotsikirapo, n'zouma. Chongani zigwa zopanda madzi, mizere yozungulira yosonyeza malo olowa pansi, ndi ming'alu ikuluikulu imene mapu a miyala aionetsa ndi mzere wakuda wonenepa.

Tsopano tsegulani Google Earth, mubwerere ku zithunzi zakale mpaka mupeze za Seputembala kapena Okutobala, tchire litauma. Funani kagulu ka mitengo yobiriwira bii pakati pa thengo lofiirira, kutali ndi mtsinje. Funaninso kachilumba ka tchire pakati pa munda wolimidwa bwino. Mlimi sasiya malo popanda chifukwa, ndipo ngati si chulu kapena manda, ndi miyala kapena dzenje. Maenje atatu kapena anayi akandandalikana mumzere umodzi, pansi pake pali mng'alu umodzi wowalumikiza.

Pali msampha umene umasokeretsa ambiri. Mapu akale a boma anajambulidwa pa muyeso wa Arc 1950, pamene GPS ya pafoni imawerenga WGS84, ndipo kuno ziwirizi zimasiyana ndi mamita pafupifupi 300. M'tchire, mamita 300 ndi okwanira kuti mudutse dzenje osaliona. Gwirizanani muyeso umodzi, makamaka WGS84 pa UTM zone 35 South, ndipo muzilemba zimenezi pamwamba pa tsamba lililonse la kope lanu.

Tsimikizani mwala

Mapu a miyala anajambulidwa kalekale ndi anthu oyenda pansi, ndipo malire ake akhoza kuphonya ndi mamita mazana angapo. Nyamulani hamala, mpeni ndi kabotolo kodonthezera ka hydrochloric acid wa 10 peresenti. Asidi wothira m'madamu osambira, amene amagulitsidwa m'mahadiweya, amakhala wa 30 peresenti kapena kupitirira pang'ono. Sakanizani gawo limodzi la asidi ndi magawo awiri a madzi. Thirani asidi m'madzi, osati madzi mu asidi, ndipo tchingani maso. Asidi wa m'batire ayi, ameneyo ndi mtundu wina.

Swani mwala kuti muone mkati mwake, chifukwa kunja kumakhala kokutidwa ndi ndere ndi dothi. Pa laimu, dontho limodzi limachita thovu nthawi yomweyo. Pa dolomite pamakhala zii, kapena timathovu tochepa toti mpaka muyandikitse diso. Apa ndi pamene ambiri amalakwa: amati si laimu n'kuchoka, pamene aima pa mwala weniweni wa mapanga a kuno. Kandani ndi mpeni mpaka patuluke ufa, mudonthezere pa ufawo, thovu liwoneka. Mpeni umakanda laimu ndi dolomite yemwe. Pa quartzite umangoterereka n'kusiya kamzere ka chitsulo. Mukazolowera, dolomite mudzamudziwira patali, pakuti kunja kwake kumakhala kwakuda ndi kwamakwinya ngati chikopa cha njovu.

Mwala wofewa wa choko, umene uli kumwera kwa England ndi kumpoto kwa France, kuno kulibe. Komabe mmene mapanga a kumeneko amapezekera zikutikhudza. Ambiri ndi opapatiza ndipo analibe khomo lachilengedwe. Anaonekera nyanja itagumula phompho, kapena anthu atakumba zitsime ndi makwale. Ndi mmenenso zilili pa dolomite wathu wokutidwa ndi dothi. Choncho khoma lililonse limene anthu adula ndi loyenera kuliona: makwale akale a mbali ya ku Chilanga ndi Shimabala, kumene amakumba laimu wa simenti, malo amene msewu unadula phiri, ngakhale maenje a amayi oswa miyala. M'kwale limene likugwira ntchito musalowemo popanda chilolezo cha eni ake, chifukwa amaphulitsa miyala.

Funsani anthu, koma funsani bwino

Palibe phanga lapafupi ndi mudzi limene anthu sakulidziwa. "Losafufuzidwa" limangotanthauza kuti silinalembedwe. Tsiku limodzi locheza ndi oweta mbuzi, ofula njuchi, osaka nungu ndi mbira, otcha makala ndi okumba manyowa a mileme othira m'dimba limaposa mlungu wathunthu woyenda nokha.

Mukafunsa kuti, "Kuno kuli mapanga?" kawirikawiri yankho ndi lakuti kulibe, chifukwa munthu akuganiza za chiphanga chachikulu cholowa choimirira, kapenanso sakukukhulupirirani. Funsani zimene anthu amakumana nazo. Kodi mbuzi kapena mwana wa ng'ombe anagwerapo m'dzenje, ndipo ndi kuti? Mvula ikagwa yambiri, madzi a m'chigwa ichi amathera pati? Mileme yamadzulo imatulukira mbali iti? Galu akathamangitsa nungu, imakalowa kuti? Pali pamene pamatuluka nkhungu m'mawa nthawi yachisanu? Kasupe uti amene amada pakangopita maola ochepa mvula itagwa kumtunda? Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri. Kasupe amene amatuluka matope, masamba kapena zitsotso za chimanga akudyetsedwa ndi njira yotseguka, osati timing'alu.

Okumba mijigo nawonso amadziwa za pansi kuposa wina aliyense. Afunseni malo amene chitsulo chobowolera chinangogwa chokha mita imodzi kapena awiri, kapena pamene mphepo ya kompresa inasowa, fumbi n'kuleka kutuluka. Lembani kuya kwake ndi pamene madzi anaima. Ngati mphakoyo inali pamwamba pa madzi, dera limenelo ndi lofunika kuliyenda.

Za chilolezo musazichepetse. Nkhani za malo kuzungulira Lusaka n'zotentha, ndipo alendo onyamula mapu, hamala ndi GPS amaoneka ngati odula mapuloti kapena osaka golide. Pa malo a mafumu yambirani kwa nyakwawa. Kum'mawa ndi kumwera ndi dziko la Asoli, la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Kumadzulo kuli Mfumu Shakumbila, kumpoto Mfumu Mungule. Khalani pansi, perekani moni mwaulemu, onetsani chitupa, ndipo nenani mosazungulira: "Zikomo a mfumu, ife sitikufuna malo kapena miyala ya ndalama. Tikufuna kuona maenje ndi kuwajambula papepala. Tikupempha mutipatse munthu wanu mmodzi atiperekeze." Gwirizanani malipiro a wokuperekezaniyo musananyamuke. Pa mafamu a taitolo pemphani kwa mwini wake, osati kwa mlonda wa pageti yekha. M'kati mwa Lusaka National Park chilolezo chimachokera ku Department of National Parks and Wildlife. Akakuuzani kuti phanga lakutilakuti ndi la mizimu kapena muli manda, nkhani yathera pomwepo. Lembani kuti lilipo ndipo ndi loletsedwa.

Nyengo zitatu, ntchito zitatu

Mu Januwale ndi Febuluwale pitani mukaone kumene madzi akulowa, mutaima patali. Polowera madzi pamene mu Okutobala pamangooneka ngati mulu wa zinyalala ndi mchenga, nthawi imeneyi pamameza mtsinje wonse. Chongani malowo n'kubwerera. Kulowa m'bowo lililonse nyengo ya mvula n'kudzipereka ku imfa. Mvula ikhoza kugwa kumtunda inu osaiona.

Mu Juni ndi Julayi sakani mabowo opuma. Mpweya wa m'phanga susintha chaka chonse, ndipo kuno umakhala pafupi ndi madigiri 20. M'mamawa wachisanu, kunja kukatsika pansi pa madigiri 10, mpweya wofunda wa m'kati umakwera n'kutulukira pa mabowo a kumtunda, nthawi zina ndi kankhungu kooneka dzuwa likamatuluka. Muyenera kukhala mutafika pamalopo isanakwane 6 koloko. Mu Okutobala zimatembenuka: kunja kukapitirira madigiri 30, mpweya wozizira umatsika n'kutulukira pa mabowo a kumunsi, ndipo mumaumva m'miyendo.

Kuyenda kwenikweni ndi kwa Ogasiti mpaka Okutobala, tchire litapsa, nthaka ili poyera. Khalani anthu anayi kapena asanu mumzere, motalikirana mamita 15 mpaka 20. Wakumapeto atsate kampasi, ndipo GPS ikhale ikulemba njira yonse. Mukafika kumalire, tembenukani mubwerere m'mbali mwa mzere woyamba. Kilomita imodzi m'litali ndi m'lifupi pa tsiku ndi ntchito yabwino. Amene akuti wayenda malo asanu otere pa tsiku sanaone kanthu. Yambani m'mawa kwambiri, lekani dzuwa likafika paliwombo, ndipo aliyense akhale ndi malita atatu a madzi. Yang'anani popondapo. Mitu ya dolomite ndi yakuthwa, mipata yake imathyola akakolo, ndipo m'zigwa mumakhala chitedze ndi misampha ya waya.

Mkuyu kapena kachere wa masamba obiriwira pa thanthwe louma wapeza chinyontho pena pake. Tsatani mizu yake. Ndere zonyowa m'mng'alu mu Seputembala, minga ya nungu pa kanjira kolowa pansi pa mwala, fungo loswa mphuno la ndowe za mileme, zonsezi ndi zizindikiro. Madzulo khalani pamalo okwera, moyang'ana kolowera dzuwa, muone kumene mileme ikuchokera. Anthu awiri okhala malo osiyana akatenga kampasi aliyense n'kuloza komweko, pamene mizere yawo yakumana pa mapu ndi pamene mukayambire mawa.

Dzenje lililonse lipatseni nambala, lembani malo ake, kukula kwa khomo, mbali imene layang'ana, ngati likupuma, ndipo lijambuleni hamala ili pambali kuti kukula kudziwike. Lembaninso malo amene mwayenda osapeza kanthu. Zimaoneka zopanda pake, koma n'zimene zimaletsa anzanu kudzataya Loweruka lawo pamalo omwewo.

Mwapeza bowo: imani kaye

Imani mamita 20 kuchokera pakhomo kwa mphindi zisanu, mukuyang'ana m'mwamba mwa thanthwe. Mukusaka njuchi. Zimakonda mapanga, m'chilimwe zimalusa, ndipo munthu amene zamupeza ali pachingwe kapena ali chokwawa alibe kothawira. Ngati zilipo, bowolo lidikire Juni m'mamawa, kapena lisiyeni. Kenako unikani ndi tochi pansi ndi m'mashelefu a mwala. Mamba, nsato ndi mphiri zimakhala m'mamita oyambirira, mmene muli kuwala pang'ono. Osapisa dzanja pamene maso sanafike. Mafupa atsopano ndi fungo la nyama yowola ndiye kuti muli mwini wake, fisi kapena nyalugwe.

Yesani mpweya ndi utsi wa koyilo ya udzudzu. Ndi wochepa, sutha msanga, ndipo suyatsa tchire mukausamala. Utsi ukamakokedwa kapena kukankhidwa mosalekeza, kuseriko kuli malo aakulu kapena khomo lina. Kabowo kongolowa mkono koma kopuma mwamphamvu n'kofunika kuposa chikhomo chachikulu chimene utsi ukungoima.

Ngati bowo ndi lotsika choimirira, musayandikire m'mphepete musanadzimange chingwe ku mtengo wolimba, chifukwa milomo ya maenje imakhala dothi ndi miyala yogwedera. Ponyani mwala muwerenge: sekondi imodzi ndi mamita asanu, masekondi awiri ndi pafupifupi 20, atatu ndi pafupifupi 40. Mwala ukamagunda m'mbali kuwerengako kwalakwika, ndiye tsitsani tepi yomangirira kachitsulo.

Dziwaninso ngati ndi lachilengedwe. Dzenje la makona anayi, la makoma owongoka, lokhala ndi mulu wa miyala pambali, zipsera za chobowolera kapena mitengo yowola, ndi la anthu osaka miyala. Otere ndi ambiri mbali ya ku Mumbwa ndi ku Kabwe. Musalowemo. Dzenje latsopano la makoma a dothi, limene latseguka m'munda kapena pabwalo mvula itagwa, si khomo la phanga koma dothi limene likumira mu mng'alu, ndipo likugumukabe. Litchingeni ndi minga n'kuuza eni malo. Mabowo a m'makomboni asiyeni ndithu. Madzi ake ndi omwewo olumikizana ndi zimbudzi, njira imene kolera anayendamo mu 2017 mpaka 2018 ndiponso mu 2023 mpaka 2024. Pa chifukwa chomwecho, musathire utoto wolondolera madzi m'bowo lililonse popanda chilolezo cha WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi. Kumunsiko wina akumwa.

Kuchotsa miyala iwiri itatu yotseka khomo n'kololeka mwini malo akavomera, mutayamba ndi ya pamwamba. Kukumba dothi la pakhomo ayi, ndipo chifukwa chake chili m'munsimu.

Kulowa koyamba

Lowani tsiku lina, osati limene mwapeza bowolo muli otopa. Olowa akhale anayi: wina akavulala, mmodzi atsala naye, awiri atuluka kukaitana anthu. Wachisanu atsale panja, ali ndi malo enieni a bowolo, nthawi imene mwagwirizana kutuluka, ndi galimoto kapena njinga yofikira pamene pali netiweki. Apolisi ndi 991, ambulansi 992, ozimitsa moto 993, koma musawerengere kuti wina afika msanga ndi zida zotulutsira munthu m'njira yopapatiza. Magulu odziwa kupulumutsa anthu pansi ali ku migodi ya ku Copperbelt. Yendani ngati anthu oti adzipulumutsa okha.

Aliyense avale chipewa cholimba chokhala ndi lamba wa pachibwano, ovolosi, magulovesi, majombo, ndi chotchinga mphuno cha N95 kapena FFP2. Matochi akhale atatu pa munthu, imodzi ya pachipewa kuti manja akhale omasuka, ndi mabatire apadera. Tochi ya pafoni siwerengedwa. Dzenje loposa msinkhu wa munthu limafuna chingwe cha m'mapanga chosatamuka, cha mamilimita 10 kapena 11, ndi munthu amene anaphunzira kutsika ndi kukwera nacho panja, pamtengo kapena pathanthwe, masana. Chingwe cha nayiloni chotungira madzi kapena chomangira katundu chimaduka pa dolomite wakuthwa, ndipo palibe amene angakwere mamita khumi ndi manja okha atatopa.

Choopsa chimene sichioneka ndi mpweya woipa. Mpweya wabwino uli ndi oxygen 20.9 peresenti ndi carbon dioxide 0.04 peresenti. M'maenje osapuma, mmene masamba ndi ndowe za mileme zikuwola, carbon dioxide amachuluka ndipo amakhazikika pansi. Akafika 3 peresenti munthu amapuma mwawefuwefu asanagwire ntchito, mutu umawawa, nkhope imatentha. Kupitirira 5 peresenti akhoza kukomoka. Kandulo imazima oxygen akatsika kufika pa 16 kapena 17 peresenti, koma pamenepo mpweya unaipa kale, choncho kandulo yoyaka si umboni woti zonse zili bwino. Makina oyezera mpweya ndiwo odalirika, ndipo alamu yake imalira pa 19.5 peresenti. Onetsetsani chinthu chimodzi: makina ambiri a mipweya inayi, ofala m'migodi ndi m'mafakitale, sayeza carbon dioxide. Werengani zolembedwa pa makinawo. Atsitseni pachingwe munthu asanatsike. Mmodzi akayamba kupuma movutikira, nonse tulukani, osakambirana.

M'katimo wotsogola ayende pang'onopang'ono. Pa mphambano iliyonse chewukani muone mmene njira ikuonekera pobwerera, chifukwa imasintha nkhope, ndipo siyani kapepala kowala kamene mudzatole potuluka. Mapanga a dolomite amakonda kukhala ming'alu yopingasana yofanana yonse. Osatsetsereka potsika pamene simunatsimikize kuti mukwera. Polowa mopapatiza motsika, tsogozani miyendo. Pa mulu wa miyala yogumuka adutse mmodzimmodzi, wina asakhale pansi pa mnzake. Onani kudenga: udzu ndi timitengo tokakamira m'mwamba tikukuuzani pamene madzi amafika. Mukafika pa dziwe, pamenepo ndiye pothera. Madzi a m'laimu amaoneka osaya chifukwa ndi oyera, koma nyanja ya Kashiba ku Mpongwe, imene ndi denga la laimu logumuka, ndi yakuya mamita pafupifupi 100. Ulendo woyamba usapitirire ola limodzi.

Kuyeza ndi kusunga zimene mwapeza

Phanga losayezedwa limakula ndi kukamba. Pa ulendo wachiwiri tengani tepi ya mamita 30 kapena choyezera cha laser, kampasi, choyezera kutsetsereka, pensulo ndi kope. Yambirani pakhomo, pamene pali nambala ya GPS. Sankhani malo oonana awiriawiri, ndipo pakati pawo lembani utali, mbali ya kampasi ndi kutsetsereka, kenako mtunda wa kumanzere, kumanja, kudenga ndi pansi. Wojambula ajambule ali pomwepo, osati kunyumba. Tochi, chitsulo cha pachipewa ndi foni zimapotoza kampasi, choncho muziwerenga kupita ndi kubwerera. Zikasiyana ndi madigiri oposa awiri, bwerezani. Kunyumba jambulani pa sikelo ya 1:200, muike pamwamba pa mapu. Nthawi zambiri mudzaona kuti njira zikutsata mbali imodzi kapena ziwiri, ndipo mbali zomwezo zikuuzani kumene mukasake maenje ena panja.

Pansi pa mapanga a kuno pali mbiri ya anthu. Chigaza cha munthu wakalekale cha ku Kabwe chinapezeka mu 1921 m'phanga la m'dolomite limene mgodi wa Broken Hill unaboola, ndipo phangalo linatha ndi kukumba. Ku Mumbwa kunafika akatswiri ofukula zakale: Raymond Dart anakumba mu 1930, Desmond Clark pambuyo pake, ndipo Lawrence Barham anabwererako m'zaka za m'ma 1990. Ku Twin Rivers kunapezeka zida zamiyala ndi miyala ya utoto ya zaka zoposa 200,000, zomatirira m'dothi louma ngati simenti m'njira za phanga logumuka. Zinthu zotere zimakhala pakhomo penipeni, pamene munthu amafuna kukumba kuti akulitse njira. Phindu lake lili pa malo amene chinthu chagona, mukachitola, mwachipha. Mukaona mapale, mafupa, mikanda, timiyala tosema kapena zojambula pakhoma, jambulani chithunzi, lembani malo, siyani pomwepo, ndipo dziwitsani a National Heritage Conservation Commission (NHCC), bungwe la boma losunga zakale. Lamulo limafuna zimenezo, ndipo kuchotsa zinthu zotere popanda chilolezo chawo ndi mlandu.

Mapu anu apatseni nyakwawa kapena mwini famu, ndi a NHCC. Manambala a GPS musawaike pa Facebook. Phanga likadziwika, otsatira ndi okumba manyowa, othyola miyala yolendewera kudenga, ndi ana a sukulu opanda tochi.

Masabata atatu mutatuluka

Vulani ovolosi pakhomo, muike m'pulasitiki, mukachape padera, ndipo sambani m'manja musanadye. Dziyang'aneni m'thupi ngati mwalumidwa ndi nkhufi, zimene zimabisala m'ming'alu mogona mileme ndi nungu ndipo zimapatsa malungo obwerezabwereza.

Fumbi la ndowe zouma za mileme limanyamula histoplasmosis, matenda ogwira m'mapapo. Imayamba pakapita masiku 3 mpaka 17, ndi kutentha thupi, chifuwa chouma ndi kufooka, ndipo kuchipatala imasokonezeka mosavuta ndi TB kapena malungo. Kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi n'chofooka, monga amene ali ndi HIV yosagonja ku mankhwala, matendawa amapha. Wotere asalowe m'phanga la mileme. Chachiwiri ndi Marburg, matenda oopsa ofanana ndi Ebola. Mu 2018 ofufuza anapeza kachilomboka m'mileme yodya zipatso yogona m'mapanga, yogwidwa m'chigawo cha Lusaka. Mileme imeneyi ndi yaikulu, ya maso aakulu owala mukaunika, yaphokoso, ndipo imakhala yambirimbiri pamodzi. Mukaipeza, bwererani, osaigwira, ndipo lembani phangalo kuti si lolowamo. Marburg imaonekera pakati pa masiku 2 ndi 21. Aliyense wa gulu lanu akatentha thupi m'masabata atatu amenewa, apite kuchipatala tsiku lomwelo, auze adokotala tsiku limene analowa m'phanga ndi mtundu wa mileme imene anaona, ndipo adziwitse anzake onse amene analowa nawo.